Mzere Woyera pa Tsaya la Namfedwa

Clive Bwembya analowa mu Kanyama cha m'ma fotini, thuu koloko masana, matope akumenya kunsi kwa kabasi. Padenga anali atamangapo matabwa anayi ataliatali, m'matumba otuwa. M'kati munali anyamata awiri a ku Japan. Wina Kenta, wa kamera, wosalankhulalankhula. Wina Shota, wa tsitsi lopsa ndi dzuwa, woseka ndi chilichonse.

Anthu a m'mbali mwa msewu anayang'ana matabwa, anayang'ananso nkhope za pawindo. Panalibe womwetulira. Bambo wina wogulitsa makala anakuwa ali chikhalire.

"Machaina aya babwela kugula chani futi? Matope?"

Shota anamubayibitsa. Bamboyo analavula.

Anyamatawo ankajambula filimu yawoyawo. Panalibe kampani, panalibe bwana. Anagulitsa galimoto kwawo, n'kunyamuka kukasaka mafunde m'maiko a eni. Munthu aimirira pa thabwa, funde limunyamula, mnzake ajambula. Ntchito yake ndi imeneyo. Pakati pa funde ndi funde ankajambula msewu: malo omwera mafuta, ogulitsa chimanga chootcha, madalaivala. Clive anawatola ku Nakonde, atatopa ndi magombe a ku Tanzania. Anyamatawo ankafuna kupita ku Livingstone. Ankati kumunsi kwa mathithi kuli funde loima malo amodzi pa Zambezi, ndipo madzi akasintha pang'ono limafa. Kenta ankayang'ana foni m'mawa uliwonse. Tsiku limenelo anati atsala masiku awiri.

Clive anabadwira ku Kitwe, anakulira m'masiteshoni. Kasumbalesa, Chirundu, Tunduma, konse ankamudziwa. Matako ake sankadziwa mpando wina koma wa dalaivala. Ku Kanyama anasiya mkazi, Tamara, ndi mwana wamkazi, Mwaiwathu. Anachoka ati abwera Loweruka. Panapita chaka ndi miyezi iwiri.

Lolemba uthenga unalowa pa foni. "Atate bamwalila. Tiika pa Chinayi. Mukapanda kuoneka, musakaonekenso." Tamara sankaopseza. Akanena wanena.

Mkamwini pa maliro a apongozi ali ndi zake. Awaza nkhuni. Agona panja ndi amuna anzake. Agwira bokosi. Clive sanachite n'chimodzi chomwe. Ankafuna afike kumanda teni isanakwane, koma pa Kapiri Kenta anapempha aime ajambule njanji, ndipo pa Kabwe Shota anafuna kudya. Clive sanakane. Akanakana bwanji? Anali asanawauze. Kutchula maliro kukanafuna kutchula mkazi. Kutchula mkazi kukanafuna kutchula chaka ndi miyezi iwiri. Anangoti kunyumba kuli kamsonkhano ka banja.

Anaimika kabasi pafupi ndi mpanda wa malata. Anatembenuka.

"Ola limodzi," anatero m'Chingelezi. "Musatuluke."

Anthu anali atabwerako kale kumanda. Pageti panali beseni, aliyense akusamba m'manja asanalowe. Tenti yobiriwira inali itadzaza. Mipando ya m'nyumba inali panja, miyendo yake itamira m'matope. Clive anasamba naye m'manja, ngati wochokera kumanda. Mayi wothira madzi anamuyang'ana nsapato. Zinali zoyera.

Tamara anatulukira kuseri atanyamula ndowa. Duku yakuda, maso otupa. Anali ataonda.

"Amake Mwai."

"Ba Clive."

Kale ankati atate bake Mwai. Clive anamva kusiyana kwake.

"Njila inali yovuta. Ninayesa."

"Taika kale. Bokosi banagwila ba neba." Anayang'ana kabasi kupyola mpanda. "Nanga ivo pamwamba?"

"Ni nchito. Nibapeleka ku Livingstone."

"Lelo?"

Clive anayang'ana ndowa.

"Mvelani," anatero Tamara, mawu ali pansi. "Amalume bafuna kukamba naimwe banthu bakachepako. Sibanali kufuna. Nabapempha ine, nagwada pamatope apa. Mukankhala mpaka bakambe, mugone pano, mailo tizaona. Mukayenda, mwayenda."

"Nizankhala."

"Tizaona."

Amalume akewo anali a Josiah, mlongo wa namfedwa, amake Tamara, wogulitsa nshawa ku msika, wobadwira ku Katete. Pabanjapo mawu omaliza anali awo. Anakhala pa sofa pakati pa tenti, jekete lakuda, dazi likuwala. Clive anagwada patsogolo pawo, anawomba m'manja pang'ono.

"Apongozi," anatero a Josiah. "Mwatikumbuka."

"Pepani, atate. Pepani ngako."

"Mwanenepa. Kumene muliko akudyetsani bwino." Analoza njerwa ya simenti kumapeto kwa tenti, padzuwa. "Khalani apo. Tikuitanani."

Clive anakhala. Amuna a pafupi anasunthira mipando yawo kwina. Anaganiza za ola limene analonjeza. Anaganiza zoti anyamatawo akawagoneke ku loji ya m'tauni, anyamuke nawo m'mawa. Zikanatheka. Kungoti akhale phee, apirire mawu a a Josiah, aweramitse mutu.

Kenaka chimbuya chinayamba.

Mu Lusaka maliro a munthu wa kum'mawa satha Abemba asanachite zawo. Mitundu iwiriyi ndi ya chipongwe chobadwa nacho. Wina akafedwa, mnzakeyo amaphika, amatunga madzi, ndipo akabwerako kumanda amatenga paudala n'kuyeretsa achibale a malemu mitu ndi nkhope, uku akuwanyoza mpaka aseke. Wopakidwa sakwiya. Akakwiya ndiye amuwonjezera.

Woyambitsa anali Christine Chilekwa, mayi wamkulu thupi wogulitsa kapenta. Anatulukira atamanga chitenje m'chiuno, chitini cha paudala wa ana chili m'manja.

"Ba Silas bayenda," analengeza, kutchula malemu. "Mbeba za mu Kanyama zipumuleko manje. Zenze zasila."

Wina anaseka chobisa.

"Ba Josiah, imililani. Nione ngati simunabise yokazinga mu jekete."

"Gwirani matumba anu, abale," anatero a Josiah osasuntha. "Abemba afika. Choka apa, iwe wodya anyani."

"Nyani, kolwe wathu, ali na nyama. Imwe mudya vamuchila monga nthambo ya nsapato ya mwana."

Anawakhuthulira paudala padazi. Unatsikira m'makutu, pa jekete, pa nsidze. A Josiah anayetsemula. Tenti yonse inaphulika. Kunali kuseka koyamba pakhomopo chiyambire Lolemba. Amayi ena awiri a Chibemba analowerera, wina ndi ufa m'mbale. Anathamangitsa Rodgers, mchimwene wake wa Tamara, kuzungulira mgolo wa madzi. Amayi a kwaya anabisa nkhope m'zitenje, sizinathandize.

Clive anali Mbemba, koma sanadzuke. Mkamwini sapaka apongozi.

Pakhonde, pamphasa, panali amake Tamara. Nsalu yakuda kumutu, miyendo yotambasula, maso pansi. Christine atafika pamenepo anatsitsa chitini, anadutsa mwakachetechete, n'kukayambiranso phokoso kutsogolo. Panalibe womuuza. Pakhomopo aliyense ankadziwa pamene masewerawo amalekezera.

Chitseko cha kabasi chinalira.

Kenta analowa pageti kamera ili kumaso. Shota ali pambuyo, kabudula wamaluwa, mapatapata. Anadutsa beseni osaliona. Kuseka kunali kutawakoka. Clive anakweza dzanja, anawakupiza kuti abwerere. Kenta anaganiza kuti akumupatsa moni. Clive anafuna kudzuka, koma diso la a Josiah linali pa iye, loyera ndi paudala. Anakhalanso.

"Aba ni bandani?" anafunsa Christine.

"Babwela na ba Clive. Ati ni ba ku Japan."

"Ni kuti uko?"

"Kum'mawa. Kupitilila Chipata."

"Kansi ni bambuya banga. Bwela kuno, iwe wa kabudula. Naiwe udya mbeba?"

Anamuwaza Shota kumaso. Shota anatsokomola, anaseka mpaka kugwira mawondo, anawerama kuthokoza. Ena anaseka naye. Ena ayi. Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku. Anaona akulu ndi ana oyera mitu, akuthamangitsana. Anaona masewera, ndipo m'masewera wolandira amabweza. Anapisa m'thumba, anatulutsa kachubu ka mafuta oyera olimba, amene iye ndi Kenta ankapaka pamphuno kuti dzuwa lisawawotche ali pamadzi. Anamulemba Christine kadontho pamphuno.

"Ona uyu," anatero Christine. Kuseka kwake kunafupika.

Shota analemba bambo wina pachipumi. Bamboyo anabwerera m'mbuyo. Kenaka Shota anaona pakhonde. Mayi mmodzi yekha, wachisoni, wopanda choyera chilichonse. Anthu onse amuiwala.

Clive anadzuka. Panali mipando, panali miyendo ya anthu, panali chingwe cha tenti. Anapunthwa pa chingwecho.

Shota anavula mapatapata pa sitepe, anawaika bwinobwino moyandikana. Anakwera, anagwada mwaulemu wonse. Anamwetulira. Anawalemba mayiwo mzere kuyambira pansi pa diso mpaka pachibwano.

Phokoso linaduka. Kunangotsala wailesi ya nyumba yachitatu.

Amake Tamara anakweza dzanja, anagwira tsaya, anayang'ana zala. Kulira kumene analira sikunali kwa kumanda. Kunali kwa munthu woona njoka m'bulangeti.

Tamara anafika ndi nsalu yonyowa. Anapukuta. Mzere sunachoke. Anathira sopo, anatikita. Unangofalikira, tsaya lonse mbuu, madzi akutsetsereka pamwamba ngati pa nthenga za bakha. Mafutawo anapangidwira munthu wokhala m'nyanja tsiku lonse.

"Sivichoka," anatero Tamara.

"Ni munkhwala," anatero mayi wina wa kwaya.

"Babaika chizindikilo. Bafuna bakonkhe bamuna bao."

Rodgers anali kale pakhonde. Anamugwira Shota pakhosi pa malaya, anamukokera pansi pa sitepe, anamuwomba khofi. Lachiwiri linamugwetsa. Wina anamulanda Kenta kamera chakumbuyo, lamba likumukanda khosi. Amuna atatu anatuluka pageti, anakwera pa kabasi, anadula zingwe ndi mpeni wosendera kabichi. Thabwa limodzi linagwera pamwala. Analiponda awiri. Linathyoka ndi kaphokoso kochepa, ngati bisiketi.

"Tishoke motoka," anatero wina, akufunafuna machesi.

"Siyani."

A Josiah anali ataimirira. Paudala unkagwa pamapewa awo. Panalibe amene anaona choseketsa.

"Rodgers, chotsa phazi pa mwana wa eni. Taika munthu mmodzi lero, wakwana. Apongozi, bwerani kuno."

Clive anabwera. Bondo la buluku lake linali litang'ambika.

"Alendo ndi anu. Afunseni. Kwao akapita pa maliro amalemba anamfedwa kumaso?"

Clive anafunsa m'Chingelezi, mofulumira, mawu a maliro akuwamezera pakati. Kenta anawamva ndithu.

"Maliro?" anatero. "Wamwalira ndani?"

Anayang'ana tenti. Anayang'ana zovala zakuda, nkhata ya maluwa yotsalira pa mpanda, mayi wa pamphasa. Analankhula ndi Shota m'chinenero chawo, mawu atatu kapena anayi. Shota anatsegula pakamwa, magazi ali pamlomo. Anatembenukira kukhonde, anagwada, anaika manja pansi, anagunditsa chipumi m'matope. Anakhala choncho osadzuka.

"Munati msonkhano wa banja," Kenta anamuuza Clive. "Takhala nanu masiku anayi. Simunanene kuti wina wamwalira."

"Akuti chiyani?" anafunsa a Josiah.

"Akuti pepani ngako. Akuti ninabauza kuti bankhale mu motoka, koma beve..."

"Boza."

Anali Tamara, nsalu ikudontha m'manja. Ankagwira ntchito mu shopu ya mafoni m'tauni. Chingelezi chake chinali choposa cha Clive.

"Akuti sibanauzidwe kuti pano pali malilo. Banauzidwa kuti ni miting'i."

Anthu anang'ung'udza. Maso amene anali pa Shota anasamukira kwa Clive. Christine anapukuta kadontho ka pamphuno pake ndi chitenje, sikanachoke. Anamuyang'ana Clive kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwatichititsa nsoni, imwe. Musakazikamba kuti ndimwe Mubemba."

Tamara anamufunsa Kenta chimene chimachotsa mafutawo. Kenta anati mafuta ena alionse. Anabweretsa botolo la saladi, mafuta ophikira, kuchokera kumene ankaphikira. Tamara anadontheza pa nsonga ya chitenje, anagwira chibwano cha amake, anapukuta pang'onopang'ono. Choyeracho chinasungunuka. Khungu linabwerera. Mayi wa kwaya uja anayandikira kuti aone yekha, n'kubwerera pamalo pake.

"Tsopano zithunzi," anatero a Josiah. "Mlongo wanga sapita ku Japan. Zonse za pakhomo pano zichoke. Tamara, ona ndi maso ako."

Anamupatsa kamera. Kenta anaima pambali pake, akuloza mabatani ndi chala. Anayambira kumapeto. Amake akulira: anafafaniza. Shota akuvula mapatapata: anafafaniza. Christine ndi chitini. Dazi la a Josiah. Geti. Wogulitsa makala akulavula. Zonse zinapita. Tamara anadinanso kamodzi kuti atsimikize kuti za Kanyama zatha. Kunabwera njanji ya pa Kapiri. Anadinanso.

Pa kagalasi panaoneka Clive. Ali pa chiwongolero, chigongono pawindo, magalasi akuda a Shota kumaso. Kunja mitengo ya ku Mpika ikuthamanga. Clive anazindikira malowo.

Mawu a Kenta anamveka m'kamera, akufunsa ngati ali ndi banja.

Clive wa m'kamera anaseka. "Ine? Ndilibe munthu. Ndikafuna kupita ndimangopita. Palibe wondifunsa, palibe wondidikira. Anzanga onse anamangidwa ndi akazi. Ine ayi."

Kenta anatambasula dzanja kuti aimitse. Tamara analikankha. Anaonera mpaka pamene Clive wa m'kamera anayamba kuimba mluzu.

"Linali liti ili?" anafunsa m'Chingelezi.

Kenta anayang'ana manambala a pakona. "Lachiwiri."

"Lachiwiri," anabwereza Tamara. Uthenga anatumiza Lolemba, ndipo foni inaonetsa kuti wawerengedwa.

"Pepani," anatero Kenta. "Inu ndinu ndani wake?"

"Mkazi wake. Tili ndi mwana."

Kenta anatseka maso kanthawi. "Ndifafanize?"

"Iyi isiyeni. Mukaonetse kwanu." Anamubwezera kamera ndi manja awiri.

"Amake Mwai," anatero Clive. "Venze va filimu chabe. Benze kufuna munthu wa so, wa pa msewu. Ninangokamba. Muziba mwamene nikambila."

"Niziba."

"Nankhala. Onani, nili pano. Nizabapeleka ku loji, nibwele, nigone panja. Livingstone bazayenda beka."

Tamara sanamuyang'ane. Anapita kwa a Josiah, anagwada pamatope pomwe paja.

"Amalume, vija ninakupemphani, lekani. Musazivutitse. Palibe vokamba."

"Watsimikiza, mwana wanga? Mawu a pa maliro amakhala otentha."

"Sinatenthe. Nazizila."

A Josiah anagwedeza mutu. Anatulutsa kansalu, anapukuta nsidze, anakapinda, anakabweza m'thumba. Sanafulumire.

"Bambo Bwembya," anatero. Sanatinso apongozi. "Mwamva. Tengani alendo anu. Anyamata a pakhomo pano ndawaletsa kamodzi, kawiri sindingathe."

"Nimuoneko chabe Mwai."

"Ali kwa ba neba," anatero Tamara akudzuka. "Agona. Akauka nizamuuza kuti kunabwela motoka ya matabwa."

Analowa m'nyumba. Chitseko chinali chochotsedwa chifukwa cha maliro, panali nsalu yokha. Nsaluyo inagwedezeka pang'ono, n'kuima.

Shota anali akadali chigwadire. Amake Tamara ananena kanthu chapansipansi, ndipo Christine anapita kukamugwira paphewa.

"Ima, iwe. Bakuti wamveka. Ima, uzadwala."

Anadzuka, matope ali pachipumi ndi m'tsitsi. Anawerama kukhonde, anawerama kwa a Josiah, anawerama ngakhale kwa Rodgers. Rodgers anayang'ana kumbali.

Panalibe wowathandiza kukweza matabwa. Zingwe zinali zidutswazidutswa, Clive anazilumikiza ndi mfundo. Manja ankamuterera. Zidutswa ziwiri za thabwa lothyoka Shota anazilowetsa m'kati, anazigoneka pa mpando. Amuna anaima pampanda manja ali m'matumba. Kabasi katatembenuka, mwala unamenya chitseko cha kumbuyo. Wachiwiri unaphonya.

Anatuluka mu Kanyama, analowa mu msewu wa Kafue. Magalimoto anali bampa ku bampa. Kenta, amene masiku onse ankakhala kutsogolo, anakhala kumbuyo kwenikweni. Kamera anaiika m'chikwama, anatseka zipi. Pa maloboti Clive anayesa foni ya Tamara. Inalira kamodzi, inaduka. Anayesanso. Sinalirenso.

Atadutsa Chilanga msewu unatseguka. Shota anasendera kutsogolo, mlomo utatupa.

"Amene anamwalira," anatero. "Dzina lawo?"

"Silas."

"Shirasu."

"Silas."

Shota anayesanso, kawiri, katatu, mpaka linamveka. Anabwerera pampando wake, anaika manja pamodzi, anatseka maso.

"Tifika nthawi yanji?" anafunsa Kenta. Sanamutchule dzina.

"Maola seveni. Mwina eyiti."

"Tikafika tipeza dalaivala wina wobwerera naye."

Kutsogolo kunali thiraki ya simenti, ikukwera phiri mwaulesi. Clive anasuzumira kumanja, anaona kuti kulibe chobwera, anatsitsa giya, n'kuidutsa.